Ngati fumbi latchinga, asayansi amaona bwanji pakati pa mlalang'amba?

Mphunzitsi wina wa sayansi walemba kuchokera ku Thyolo:

"Ndimaphunzitsa pa sekondale ina yoyendera cha ku Thekerani. Mu Julayi magetsi atazima ndinatuluka panja ndi ana anga, tinaona Mlalang'amba utayala pamutu penipeni. Koma pakati pake panadutsa mdima ngati wina wang'amba nsalu. Mnyamata wanga wa fomu 3 anati anawerenga pa Facebook kuti kumeneko kuli black hole imene ikumeza nyenyezi, ndiye mdimawo ndi malo amene yadya kale, ndipo tsiku lina idzafika kuno. Wamng'ono sanagone usiku umenewo. Ine ndinati ndi fumbi, monga mabuku amanenera. Apo mnyamatayo anandifunsa kuti ngati fumbi latchinga, zithunzi zokongola za pakati pa milalang'amba zimachokera kuti, si zongopanga pa kompyuta? Ndinasowa chonena. Ndimamva akuti infrared, koma ine infrared ndimangoidziwira pa rimoti ya TV. Ndithandizeni kuti ndikawayankhe anawa, ndi a m'kalasi omwe."

Aphunzitsi, ndiyambe ndi wamng'onoyo amene anasowa tulo. Kamuuzeni kuti palibe chimene chikubwera kudzatimeza. Mdima munauona uja si malo odyedwa ayi, ndipo yankho munapereka lija ndi lolondola: ndi fumbi. Kuseri kwa fumbilo nyenyezi zilipo, zothinana kuposa kwina kulikonse mu Mlalang'amba wathu. Black hole nayonso, kutanthauza chinthu chokoka mwamphamvu moti ngakhale kuwala kukagweramo sikutulukanso, ilipodi, sindikubisirani. Asayansi amaitcha Sagittarius A*, ndipo imalemera ngati madzuwa pafupifupi 4 miliyoni. Koma ili kutali moti kuwala, kumene kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi, kumatha zaka pafupifupi 26,000 kuti kuchoke kumeneko kudzafika ku Thyolo. Dzuwa lathu silikugwera kumeneko. Limazungulira pakatipo, ulendo umodzi zaka zoposa 200 miliyoni, ndipo lakhala likutero chibadwire. Black hole si chilombo choyendayenda kusaka chakudya. Chimene chayandikira kwambiri ndicho chimagweramo, zakutali zimangozungulira monga dziko lizungulira dzuwa. Ndiponso yambiri mwa mitambo yakuda munaiona ija ili panjira chabe, kufupi ndi ife, osati pamene pali black hole.

Tsono funso la mnyamata wa fomu 3 uja musalipeputse, chifukwa akuluakulu a zakuthambo anavutika nalo zaka zoposa 100. William Herschel, amene anapeza pulaneti ya Uranus mu 1781, ankaona malo akuda omwewa cha ku gulu la nyenyezi la Chinkhanira n'kumaganiza kuti ndi maenje m'thambo, malo opanda kanthu. Mwana wanu waganiza chimodzimodzi ndi munthu wamkulu ameneyo. Zinatenga mpaka 1930 kuti Robert Trumpler aonetse ndi miyezo kuti pakati pa nyenyezi pali chinthu chimene chimazimiritsa kuwala, ndipo nyenyezi ikatalikira imaoneka yofooka ndi yofiirira kuposa mmene iyenera kuonekera.

Mawu akuti fumbi amasocheretsa pang'ono. Tikawamva timaganiza za fumbi la pamsewu wadothi galimoto ikadutsa mu Okutobala, koma la kuthambo ndi losalala kwambiri kuposa pamenepo, ndi la msinkhu wa tinthu timene tili mu utsi. Muyezo wake ndi micron, gawo limodzi la magawo 1,000 a milimita. Tsitsi la munthu limanenepa ma micron makumi angapo, pamene kanjere ka fumbi la kuthambo nthawi zambiri n'kagawo kamodzi ka magawo 10 a micron imodzi, kapena kuchepera apo. Lina ndi la kaboni, m'bale wake wa mwaye wa kukhitchini, lina ndi la silicate, m'bale wake wa mchenga ndi miyala. Limapangidwa mu mpweya umene nyenyezi zokalamba zimautaya, komanso nyenyezi zikuluzikulu zikaphulika. Ndi lochepa zedi, gawo limodzi lokha mwa magawo 100 a kulemera kwa zimene zili pakati pa nyenyezi, zotsalazo ndi mpweya. Mutaima mkati mwa mtambo wotere simungatsokomole, simungaone kanthu. Koma mtunda ndi umene umachita zinthu. Utsi wopyapyala wa tchire suoneka pakhomo panu, komabe mu Seputembala umabisa phiri lonse la Mulanje kwa munthu woima ku Luchenza. Panjira ya zaka 26,000 ija fumbi laling'onoli limaunjikana moti pa tizigawo ta kuwala kooneka ndi maso thililiyoni imodzi tochokera pakatipo, pafupifupi kamodzi kokha ndiko kamafika kuno. N'chifukwa chake ngakhale telesikopu yaikulu bwanji, ikayang'ana ndi kuwala wamba, pakati penipeni siionapo kanthu.

Apa ndiye pakubwera infrared, ndipo amene anaipeza ndi Herschel yemwe uja. Mu 1800 anadutsitsa kuwala kwa dzuwa m'galasi la prism kuti kugawike ngati utawaleza, n'kuika themometa pa mtundu uliwonse. Ataisuntha kupitirira pofiira, pamene maso ake sankaona kuwala kulikonse, themometa ija inakwera kuposa pena ponse. Kunali kuwala ndithu, koma kosaoneka. Kuwala kumayenda ngati mafunde, ndipo mitundu imasiyana potengera kutalika kwa funde lililonse. Maso athu amagwira kachigawo kochepa, kuyambira 0.4 micron kumene kuli buluu wodera mpaka 0.7 micron kumene kuli kufiira. Kupitirira apo mpaka ma micron mazanamazana ndi infrared. Mumaidziwa kale ndi khungu lanu. Mukayandikitsa dzanja m'mbali mwa mbaula, kufunda kumene kumakufikani popanda kukhudza makala ndi infrared. Kachipangizo kaja ankatiloza nako pamphumi nthawi ya Covid kankawerenga infrared yotuluka m'thupi mwathu. Rimoti yanu nayo ndi chimodzimodzi.

Infrared imagwira ntchito ziwiri zosiyana pa nkhani ya fumbiyi, ndipo pa zaka zimene ndaphunzitsa ndaona kuti ophunzira ambiri, ngakhale a ku koleji, amazisakaniza. Yoyamba ndi kudutsa. Kanjere ka fumbi kamasokoneza kwambiri funde lofanana nako msinkhu, koma funde lalitali kuposa iko limangokalambalala. Pitani pa damu la ku esiteti ya tiyi mukaone bango loima m'madzi: timafunde ting'onoting'ono ta kamphepo timasweka tikafika pa bangolo, koma funde lalikulu la mwala umene mwaponya limadutsa ngati palibe kanthu. Ndi chifukwa chomwechi dzuwa limafiira ngati khala nthawi yootcha tchire. Utsi wamwaza buluu, wasiya kufiira kuti kudutse, ndipo infrared imadutsa bwino koposa. Kale ndinkapereka chitsanzo cha chiperoni, poti ana a kuno amachidziwa bwino, koma ndinasiya. Timadontho ta nkhungu n'tatikulu, ma micron angapo kapena makumi, ndipo timatchinga mitundu yonse mofanana, n'chifukwa chake nkhungu imaoneka yoyera ndipo dzuwa la m'chiperoni silifiira. Chitsanzo choona ndi utsi.

Mukayang'ana pakati pa Mlalang'amba pa ma micron 2.2, zinthu zimasintha modabwitsa. M'malo mwa kamodzi pa thililiyoni, pafupifupi kamodzi pa 10 kamafika. Eric Becklin ndi Gerry Neugebauer ndi amene anayamba kuona pakatipo mwa njira imeneyi, n'kulengeza mu 1968. M'zaka za m'ma 1990 magulu awiri, la Reinhard Genzel pogwiritsa ntchito matelesikopu a ku Chile ndi la Andrea Ghez pogwiritsa ntchito telesikopu ya Keck ku Hawaii, anayamba kulondola nyenyezi imodziimodzi kuseri kwa fumbilo chaka ndi chaka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nyenyezi ina yotchedwa S2 anaiona ikumaliza ulendo wake wozungulira wa zaka 16, ndipo mu Meyi 2018 inadutsa pafupi kwambiri ndi pakatipo ikuthamanga makilomita oposa 7,000 pa sekondi. Ikuzungulira chiyani? Pamalopo palibe nyenyezi yowala, koma kuti nyenyezi ipindike chotero pafunika kulemera kwa madzuwa 4 miliyoni kothinikizidwa pamalo ochepa kwambiri. Umu ndi mmene tinadziwira kulemera kwa black hole ndinatchula kuja, ndipo awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 2020. Mwana wanu adziwe kuti uwu ndi muyezo wa zaka pafupifupi 30, wochitidwa ndi magulu awiri opikisana amene anapeza yankho limodzi.

Ntchito yachiwiri ndi imene ine imandikoka mtima, chifukwa pano fumbi lenilenilo ndilo limalankhula. Kuwala kumene fumbi lameza sikutha. Fumbi limafunda nako, kenako n'kukutulutsanso ngati infrared. Taganizani mbaula imene mwaifotsera phulusa usiku. M'mawa simuona moto, pamwamba pali mbuu, koma mukayandikitsa dzanja mumadziwa kuti pansi pali makala amoyo, ndipo mungathe kunena ngati ndi ambiri kapena atsala pang'ono kuzima. Phulusa labisa moto, phulusa lomwelo laulula moto. Telesikopu ya infrared ndi dzanja limenelo, kungoti limayeza molondola. Chinthu chilichonse chimawala kwambiri pa funde lolingana ndi kutentha kwake. Fumbi lotentha madigiri 1,200 limawala kwambiri cha pa ma micron 2. La kufunda kwa m'nyumba kapena kwa thupi la munthu limawala cha pa ma micron 10. Lozizira mpaka madigiri 240 pansi pa ziro limawala cha pa ma micron 100. Choncho mukajambula malo amodzi pa mafunde osiyanasiyana, mwajambula mapu a kutentha: apa pali ng'anjo, apa pali pofunda, uko kuli mitambo yozizira imene mudzabadwe nyenyezi.

Pakati pa Mlalang'amba wathu mapu amenewa aonetsa mkombero wa mpweya ndi fumbi lofunda wozungulira black hole, umene telesikopu ya SOFIA, yokwezedwa mu ndege ya Boeing 747, inaujambula bwino. Kutali pang'ono kuli mitambo ikuluikulu yolemera ngati madzuwa mamiliyoni makumi angapo mukaiphatikiza. Umodzi mwa iyo ndi wakuda bii ngakhale mu infrared yaifupi, moti anaupatsa dzina loti Brick, njerwa. Uli ndi zonse zofunika kuti ubale nyenyezi zambirimbiri koma ukubala zochepa, ndipo asayansi akufufuzabe chifukwa chake. Black hole yathuyi ndi yofatsa, imadya pang'ono kwambiri. Kuti muone fumbi likugwira ntchito yeniyeni muyenera kuyang'ana milalang'amba ina.

Mu 1943 Carl Seyfert anafotokoza milalang'amba ingapo imene pakati pake pamawala mopitirira muyezo. Lero tikudziwa kuti kumeneko black hole yaikulu ikudya, ndipo mpweya umene ukugweramo umazungulira mothamanga, n'kutentha, n'kuwala nthawi zina kuposa nyenyezi zonse za mlalang'ambawo. Black hole yeniyeniyo siwala, chimawala ndi chakudya chili pakamwa pake. Koma panali chozizwitsa. Milalang'amba yotereyi inkaoneka ya mitundu iwiri. Ina, mukagawa kuwala kwake, mumaona zizindikiro za mpweya wothamanga makilomita masauzandemasauzande pa sekondi, ina ayi. Kwa nthawi yaitali anthu ankati ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mu 1985 Robert Antonucci ndi Joseph Miller anayang'anitsitsa Messier 77, mlalang'amba wa mtundu wachiwiriwo umene kuwala kwake kumatha zaka pafupifupi 47 miliyoni kuti kutifike. Iwo anapatula kuwala kumene kwachita kunjanja pa chinthu china kusanatifike, ndipo mmenemo anapeza zizindikiro zobisika zija. Zili ngati mwaima kunja kwa mpanda wa udzu usiku: moto wa pabwalo simuuona, koma mukuona kuwala kwake pa utsi umene wakwera pamwamba pa mpanda. Moto ulipo, chatchinga ndi mpanda.

Mpandawo ndi fumbi, ndipo maonekedwe ake ndimawafanizira ndi nkhata ya pamutu yosenzera ndowa. Ikani kandulo yaifupi pakati pa nkhata yonenepa. Woyang'ana kuchokera pamwamba aona lawi, woyang'ana cha m'mbali aona nkhata yokha. Kandulo ndi imodzi, chasiyana ndi pamene mwaima. Mitundu iwiri ya milalang'amba ija ndi chinthu chimodzi choonedwa mbali ziwiri. Ichi m'kalasi mungachionetse ndi chitenje chopota ndi tochi ya foni, ndipo ana saiwala.

Kuganiza kuti nkhata ilipo ndi kwina, kuiona ndi kwina. Ndi yaing'ono kwambiri poyerekeza ndi mtunda wake, moti telesikopu imodzi siingaisiyanitse ndi kadontho. Ku Paranal, ku Chile, kuli matelesikopu anayi a European Southern Observatory, iliyonse galasi lake mamita 8.2. Akaphatikiza kuwala kwa matelesikopuwa amaona tinthu tating'ono ngati kuti ali ndi galasi limodzi loposa mamita 100. Mwa njira imeneyi mu 2004 anayeza koyamba fumbi lofunda pakati pa Messier 77, ndipo mu 2022 gulu lotsogozedwa ndi Violeta Gámez Rosas linatulutsa mapu a kutentha kwa fumbilo oonetsa mkombero wokhuthala umene ukubisa black hole. Koma musawauze ana kuti nkhaniyi inatha. Nkhatayo si yosalala ngati ya m'mabuku, ndi ya zigamba za mitambo. Ndipo m'milalang'amba ingapo, monga wa Circinus umene uli cha kufupi ndi nyenyezi ziwiri zoloza Mtanda wa Kummwera, infrared ina yaoneka ikuchokera pamwamba ndi pansi pa nkhatayo, ngati fumbi limene kuwala kwamphamvu kukulikankhira kunja monga utsi wotuluka pa chumuni. Kuti lochuluka ndi liti, la mu nkhata kapena lothawalo, akatswiri akukanganabe. Ine ndimaona kuti mkangano umenewu ndi wofunika kuwauza ophunzira, chifukwa ukuonetsa kuti zithunzizi si zopeka. Wopeka akanajambula nkhata yokongola imene ankaiyembekezera, koma miyezo inabweretsa zimene anthu sankayembekezera.

Pali njira ina yoyezera nkhatayi imene imandisangalatsa chifukwa siifuna telesikopu yaikulu, imafuna kudikira. Fumbi silingakhale pafupi kwambiri ndi ng'anjo. Likatentha kupitirira madigiri pafupifupi 1,200 mpaka 1,500 limasanduka mpweya. Choncho pakati pa nkhata pali bwalo lopanda fumbi, ndipo ng'anjo ikakula bwalolo limakulanso, monga anthu owotha moto amafutukira kumbuyo wina akaponyapo chikuni chachikulu. Tsono kuwala kwa pakatipo sikukhazikika, kumakwera ndi kutsika. Kukakwera lero, kumatenga nthawi kuti kufike pa fumbi, ndipo fumbilo limayankha mochedwa mu infrared. Amene anafuulapo m'chigwa cha Likhubula akudziwa kuti mawu akachedwa kubwerera ndiye kuti thanthwe lili kutali. Mu mlalang'amba wa NGC 4151 yankho la fumbi limachedwa ndi mwezi umodzi kapena iwiri, kutanthauza kuti khoma la mkati la nkhatayo lili pa mtunda umene kuwala kumayenda pa nthawi imeneyo. Mwayeza chinthu chimene simunachione, ndi wotchi yokha.

Milalang'amba ina yakwiririka mu fumbi kotheratu. Telesikopu ya IRAS, imene inaponyedwa m'mlengalenga mu Januwale 1983 n'kugwira ntchito miyezi 10, inapeza kuti Arp 220, imene ndi milalang'amba iwiri yogundana, imawala ngati madzuwa oposa thililiyoni imodzi, koma pafupifupi mphamvu yonseyo imatuluka ngati infrared. Ndi maso imaoneka yosachititsa chidwi. Utsi sufuka popanda moto, koma funso lovuta ndi lakuti moto wake ndi uti: black hole yobisika, kapena nyenyezi zatsopano zobadwa mochuluka? Apa amagawa infrared ija ngati utawaleza n'kuwerenga zizindikiro. Silicate imasiya chidindo chake cha pa ma micron 10, ndipo kuzama kwa chidindocho kumanena kukhuthala kwa fumbi. Timamolekyu ta kaboni totchedwa PAH, abale ake a zimene zili mu utsi wa nkhuni, timawala pa mafunde odziwika monga 7.7 ndi 11.3 pamene nyenyezi zatsopano zikutiwalira, koma pafupi ndi black hole yolusa timafooka kapena kuwonongeka. Nthawi zambiri yankho limakhala lakuti moto uli wa mitundu yonse iwiri, ndipo ntchito ndi kugawa kuti uwu wapereka zingati. Si nkhani ya milalang'amba yochepa yachilendo: pafupifupi theka la kuwala konse kumene nyenyezi zatulutsa chiyambire kunamezedwa ndi fumbi n'kutulukanso ngati infrared. Woyang'ana ndi kuwala wamba kokha amawerenga theka la nkhani.

Mwina ana adzafunsa kuti nanga bwanji osaika telesikopu yotere pa Sapitwa. Ndinafunsidwapo zimenezi usiku wina tili pamwamba pa phiri ndi ophunzira, thambo lili ngwee, Mlalang'amba ukuoneka ngati ungaugwire, koma mabulangete athu anali atanyowa kale ndi mame. Mamewo ndiwo yankho. Sapitwa ndi mamita 3,002, kuposa Paranal amene ndi mamita 2,635, koma chinyezi cha mu mpweya chimameza infrared, ndipo phiri lathu ndi nkhokwe ya madzi, n'chifukwa chake tiyi amakondwa m'munsi mwake. Paranal ali m'chipululu cha Atacama, amodzi mwa malo ouma kwambiri pa dziko lapansi. Ngakhale kumeneko infrared yaitali siifika pansi, ndiye pafunika kupita kunja kwa mpweya wa dziko. Palinso vuto lina: telesikopu yofunda imawala yokha mu infrared, ngati munthu wofuna kuona ziphaniphani atayatsa nyali pankhope pake. James Webb Space Telescope, imene inanyamuka pa 25 Disembala 2021, ili pa mtunda wa makilomita 1.5 miliyoni, galasi lake mamita 6.5, ndipo imabisala kuseri kwa chotchinga dzuwa cha zigawo zisanu chachikulu pafupifupi ngati bwalo la tenisi. Chipangizo chake chotchedwa MIRI, chimene chimaona fumbi lofunda, amachiziziritsa mpaka madigiri 266 pansi pa ziro.

Tibwere tsopano pa chikaiko cha mnyamata uja, kuti zithunzizi n'zongopanga pa kompyuta. Muuzeni kuti walondola theka. Mitundu ya pa chithunzi ndi yochita kusankha, poti infrared ilibe mtundu umene diso limaudziwa. Kamera imawerenga kuchuluka kwa kuwala pa funde lililonse, kenako funde lalifupi amalipatsa buluu, lapakati chobiriwira, lalitali chofiira. Zili ngati womasulira pa msonkhano amene akutembenuza Chilomwe kupita m'Chichewa: mawu asintha, koma uthenga ndi wa mwini wake. Maonekedwe, malo, kuwala ndi kufooka kwa chilichonse pa chithunzipo ndi zoyezedwa. Chimene ayenera kusamala nacho ndi china. Pa intaneti pamayenda zithunzi zojambulidwa ndi amisiri pofuna kufotokoza lingaliro, makamaka za nkhata yokongola yozungulira black hole, ndipo anthu amazigawana ngati zojambulidwa ndi telesikopu. Masiku ano pabweranso zopangidwa ndi AI. Chithunzi choona chimanena dzina la telesikopu, chipangizo ndi mafunde amene anagwiritsa ntchito, ndipo chimapezeka pa masamba a mabungwe a zakuthambo monga NASA, ESA kapena ESO. Chopanda zimenezi achikaikire, ndipo chikaiko chakecho ndi chabwino.

M'kalasi yambani ndi rimoti. Lozani kababu kake ku kamera ya foni n'kudina batani, ana aona kuwala kotuwa kapena kwa pepo pa sikirini pamene maso awo sakuona kanthu. Mafoni ena ali ndi sefa yotchinga infrared ku kamera yakumbuyo, ndiye ikakana yesani yakutsogolo. Ngati mu labu muli prism ya galasi ndi ma themometa atatu, bwerezani zimene Herschel anachita. Detsani nsonga za ma themometa ndi mwaye kapena penti yakuda, gwetsani utawaleza pa pepala loyera pansi pa katoni kuti pakhale mthunzi, imodzi ikani pa buluu, ina kungopitirira pang'ono pofiira, yachitatu pambali mumthunzi. Dikirani mphindi 5 mpaka 10. Kusiyana kumakhala kwa madigiri ochepa, ndipo mphepo ikawomba kapena dzuwa likasuntha zimasokonekera, choncho yesani nokha kaye tsiku lisanafike.

Pano ndikuchenjezeni mwamphamvu, chifukwa ngozi yeniyeni pa nkhaniyi si black hole, ndi dzuwa. Ana akamva za kuwala kodutsa mu utsi amafuna kuyang'ana dzuwa lofiira lija, ena kudzera m'galasi lodetsedwa ndi mwaye, m'magalasi akuda a pamsika, mu CD kapena mu filimu yakale. Zinthu zimenezi zimachepetsa kuwala kooneka, diso n'kumasuka, koma zikhoza kulola infrared ndi kuwala kwina kudutsa kukafika mkati mwa diso, ndipo kumeneko kulibe mitsempha yomva ululu. Munthu amapsa osadziwa. Mabainokula ndi telesikopu asalozedwe ku dzuwa ngakhale kamphindi. Mwana akadandaula kuti pakati pa zimene akuyang'ana pali kadontho kakuda kapena kachimbuuzi, kapena mizere yowongoka ikuoneka yopindika, patapita maola angapo atayang'ana dzuwa, musadikire kuti zitha zokha. Mutengereni ku chipatala cha boma akaonedwe ndi a za maso.

Usiku ndiye mulibe choopa. Sankhani tsiku lopanda mwezi pakati pa Juni ndi Ogasiti, chiperoni chitakanganuka, cha m'ma 8 kapena 9 koloko. Zimitsani matochi ndi mafoni mphindi 20 kuti maso azolowere. Pezani Chinkhanira ndi nyenyezi yake yofiira ya Antares, tsatirani thupi lake mpaka ku mbola, ndipo chakumpoto pang'ono kwa mbolayo, pamene Mlalang'amba watupa ndi kuwala kwambiri m'mbali mwa mdima uja, ndi kumene kuli pakati. Ife a kuno tili ndi mwayi, malowa amadutsa pafupifupi pamutu, pamene ku Europe amangosuzumira m'mphepete mwa thambo. Pulogalamu yaulere ya Stellarium ikuthandizani kupeza malo enieni a tsiku ndi ola limene mwasankha. Mnyamatayo akafuna kupitirira apa, mulimbikitseni pa masamu ndi fizikisi, ndipo inu ngati mphunzitsi lemberani aphunzitsi a fizikisi ku MUST konkuno ku Ndata kapena ku University of Malawi ku Zomba, mufunse ngati kalabu yanu ya sayansi ingawachezere. Mukayesa za ma themometa zija mundilembere manambala amene anawo apeze, ndi ola limene munayesera, tidzaone limodzi ngati yopitirira pofiira ija inakwera.